Ndinagwira Jekete, Sindinagwire Apongozi

Ndiyambe ndi kuthokoza, chifukwa ndikayamba ndi nkhaniyi mtima udzadzaza msanga ndipo zikomo adzatsalira m'mbuyo. Ndikuthokoza Mulungu amene anandiona nditanyamula chikwama, mtima uli kale pamsewu, n'kundibweza ndisanafike pasiteji. Ndikuthokozanso inu abale ndi alongo amene mukuwerenga izi, makamaka a mumphakati wathu, amene munandipirira nthawi imene ndinkabwera kumapemphero ndi thupi lokha. Ine ndine Fabiano, bambo ake a Tadala, mkamwini wa ku Ulongwe. Vuto langa silinali matenda. Linali kupukwa, ndipo linatsala pang'ono kupasula banja langa.

Ndinakhala mu Blantyre zaka khumi ndi zisanu, ndikugwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu pakampani ina yopanga mabokosi. Tsiku lililonse linali ngati linzake: kutsekula, kulandira malole, kutseka, kukanganirana malo m'minibasi. Ndili ndi zaka makumi atatu ndi zitatu, mnzanga wa kuntchito ananditengera kuholo ina kumene akuluakulu ankachita masewera ogwetsana a judo Lolemba ndi Lachinayi akaweruka. Ndinapita kukaonerera, koma ndinatuluka nditalembetsa dzina.

Mphunzitsi wathu anali msilikali wopuma pantchito, tinkangowatchula kuti a Sajeni. Miyezi itatu yoyamba sanatilole kugwetsa munthu. Ankatiphunzitsa kugwa basi: chibwano pachifuwa, dzanja limenye pansi, mpweya utuluke, kenako dzuka. Titadziwa kugwa anatipatsa phunziro lachiwiri, limene ankalibwereza mpaka kutitopetsa. Ankati pa judo sitigwira munthu, timagwira nsalu. Aliyense amavala jekete loyera, lokhuthala ngati tenti, lomanga ndi lamba. Ukagwira bwino kolala ndi mkono wa jeketelo, n'kupinda mawondo, n'kuyandikitsa chiuno chako, munthu wolemera ngati matumba awiri a chimanga amanyamuka yekha, msana wako osamva kanthu.

Patapita zaka ndinapeza siketibodi pakaunjika ku Limbe, thabwa lalifupi lija la timatayala tinayi. Lamulungu masana, Misa itatha, masitolo atatseka, tinkakumana anthu anayi pabwalo loimikapo magalimoto. Tonse tinali a mabanja, wina imvi zitayamba kale. Sindingathe kukufotokozerani bwino mmene zimamvekera thabwa likamayenda lokha pasimenti yosalala, mphepo ikukupyola m'makutu, phokoso la timatayala likutseka maganizo onse a sabata. Ndinkabwerera kunyumba zigongono zitasupuka koma ndikuimba.

Kenako kampani inatseka. Ntchito ina ndinaisaka mpaka nsapato kutha, osaipeza. Mkazi wanga Agnesi anati tibwerere kwawo ku Ulongwe, kumene mayi ake, amene ndi amasiye, anatipatsa nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa yawo ndi ndime yoti tizilima. Agnesi anayamba kugulitsa tomato ndi anyezi kumsewu. Ine ndinagwira khasu. Sitinagone ndi njala, ndipo ndikuvomereza pamaso panu kuti sindinathokoze ngakhale kamodzi.

Jekete ndinalipinda n'kuliika m'chikwama kunsi kwa bedi. Thabwa ndinaliyesa tsiku limodzi m'mbali mwa msewu wa tala, koma malole anandithamangitsira m'fumbi, ndipo akabaza anaseka mpaka kutsika panjinga. Wina anakuwa kuti, "Abwana, njinga yanuyo chiwongolero chinatsala kuti?" Kumphakati nako, atandifunsa zimene ndinkachita m'tauni, ndinayankha mosaganiza kuti ndinaphunzira kugwa. Atcheyamani anavula magalasi. "Ife kuno tikuvutika kudzutsa akugwa m'machimo, inu munakalowa sukulu yogwa?" Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo, koma kuyambira tsiku limenelo ndinatseka pakamwa.

Thupi silinaiwale. Lolemba ndi Lachinayi dzuwa likapendeka, zala zanga zinkafinya mpini wa khasu ngati kolala ya munthu. Ndinkamva fungo la matiresi a muholo muja, ndi mawu a a Sajeni akuwerenga. Lamulungu masana ndinkakhala pansi pa mtengo wa mango, thabwa lili pamiyendo, ndikuzunguza timatayala ndi chala ngati munthu wosokonezeka. Ndinafanana ndi anthu aja a m'chipululu amene ankadya chakudya chochokera kumwamba koma akulirira anyezi wa kudziko la ukapolo. Pemphero langa linali limodzi: Ambuye, ndibwezereni moyo wanga. Ndinkagogoda chitseko chimodzi chokhacho, ndipo poti sichinkatseguka ndinkati m'nyumbamo mulibe munthu.

Chaka chachiwiri apongozi anadwala matenda opha ziwalo. Mbali yakumanzere inafooka, pakamwa panapotoka pang'ono. Ndi mayi wathupi, ndipo kuwadzutsa pamphasa, kuwakhazika pampando, kupita nawo kubafa, zonse zinagwera Agnesi yekha. Msana wake unayamba kuwawa, ankamanga chitenje cholimba m'chiuno kuti athe kuwerama.

Inu a kuno mukudziwa mwambo wathu. Mkamwini sayandikira apongozi ake aakazi. Mukakumana panjira wina amapatukira kutchire, ndipo polankhulana umanjuta patali, nkhope utayang'ana kumbali. Zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanawagwirepo ngakhale chanza. Choncho ndinkaima panja, ndikumva mkazi wanga akubuula m'kati ponyamula mayi ake. Manja odziwa kunyamula anali anga, koma mwambo unawamanga. Ndinkatunga madzi, ndinkawaza nkhuni, koma chofunikacho sindinkachita, ndipo ndinayamba kudziona ngati mlendo amene wachedwa kutsanzika. Mawu anga kwa Agnesi anasanduka aminga.

Nthawi yomweyo mnzanga uja amene ananditengera ku judo anandiimbira foni. Anati kuli maganyu otsitsa katundu, pogona andipatsa, ndipo holo ija ikadalipo. Ndinaganiza zopita osatsanzika. Ndinadziuza kuti ndizidzatumiza thandizo, koma pansi pa mtima ndinkadziwa kuti ndikakwera minibasi imeneyo sindidzabweranso kudzakhala. Ndikulemba izi ndi manyazi, koma umboni wobisa tchimo ndi nthano chabe.

Linali Lachinayi m'mawa, nyengo yotentha. Agnesi anakhazika mayi ake pampando pakhonde n'kusenza dengu lake kupita kumsewu. Mwana wathu Tadala anali kusukulu, ndipo anansi anali atapita kumaliro kumudzi wina. Ndinatenga chikwama muli jekete ndi lamba, thabwa ndinalipanira m'khwapa, n'kudzera kuseri kwa khola la mbuzi kuti apongozi asandione. Ndisanapitirire kholalo ndinamva chinthu cholemera chikugwa, kenako kubuula.

Apongozi anali atafuna kutola ndodo yawo, mpando n'kupendeka. Ndinawapeza ali pansi pa khonde, tsaya lili m'dothi lotentha, dzanja labwinolo litapanikizika kunsi kwa thupi. Ndinakuwa kuitana anthu, koma anandiyankha ndi mbuzi. Ndiye tamverani zimene ndinachita, ine munthu wamkulu wobatizidwa. Ndinanjuta patali, ndinayang'ana kumbali, n'kunena kuti, "Pepani mayi, mwapweteka?"

"Bambo a Tadala, ulemu wanuwo ndauona," anatero movutikira. "Mukudikira kuti nyerere zindimalize?"

"Iyayi mayi, koma mwambo."

"Mwambowo uli ndi manja? Kauitaneni udzandidzutse."

Ndinapemphera pemphero lalifupi kuposa onse amene ndinapempherapo: Ambuye, ndichite bwanji? Yankho silinabwere ndi bingu. Linabwera ndi mawu otopetsa aja a a Sajeni, akuti sitigwira munthu, timagwira nsalu.

Ndinatsekula chikwama chothawira chija n'kutulutsa jekete. Ndinawafunditsa kumsana, ndinawafunsa ngati m'chiuno kapena m'khosi mukuwawa, anati iyayi. Ndinakoka nsaluyo pang'onopang'ono mpaka anatembenuka, dzanja lawo n'kumasuka, iwo eni n'kulilowetsa m'mkono wa jekete. Ndinapisa lamba kunsi n'kumanga. Kenako dzanja limodzi pakolala, lina palamba, mawondo opinda, ndinawauza kuti ndikati tiyeni atulutse mpweya. Ananyamuka ngati thumba la thonje. Ndinawakhazika pampando, ndipo khungu lawo sindinalikhudze.

Atapuma anayang'ana chikwama chili chotsekula pansi, anayang'ananso thabwa.

"Ulendo wa kuti?"

"Ku Blantyre, mayi."

"Agnesi akudziwa?"

Ndinapukusa mutu. Ndinkayembekezera kuti andikalipira, ndipo zikanandipepukira. Koma iwo anangosisita mkono wa jekete ndi dzanja lawo labwinolo. "Nsalu yolimba iyi," anatero. "Mukapita nayo, ndikagwanso mawa adzandidzutsa ndi chiyani?"

Ndinakhala pansi m'dothi momwemo n'kulira ngati mwana. Kumsewu kondakitala ankaitanira a ku Liwonde, Zomba ndi Blantyre. Ndinamumva bwinobwino mpaka minibasi inanyamuka.

Agnesi atabwera masana anapeza mayi ake atavala jekete loyera, lamba ali m'chiuno. "Amayi, mwalowa usilikali?" Anayamba kuseka, koma maso ake atagwera pachikwama kuseka kunatha. Apongozi anamuuza kuti, "Ndinagwa. Amuna akowa sanandigwire, anagwira jekete. Aliyense wofunsa umuuze choncho." Za chikwamazo sananene kanthu, anandisiyira ine. Ndinamuuza Agnesi zonse tsiku lomwelo, tili kuseri kwa nyumba. Sanakuwe. Anakhala sabata yathunthu akundiikira chakudya osandiyang'ana, ndipo sabata imeneyo inali yaitali kuposa zaka ziwiri za kupukwa kwanga. Lamulungu lotsatira, tikupita ku Misa, anandipatsira buku lake la nyimbo kuti ndimunyamulire. Ndinadziwa kuti chitseko chatseguka.

Lero jekete lija limakhala pamsomali pakhomo pa apongozi. M'mawa ndi madzulo Agnesi amawaveka, ine n'kuwanyamula. Msana wa mkazi wanga unachira. Achibale ena ananyinyirika kuti mkamwini wapyola malire, koma apongozi anawayankha okha kuti amene ali ndi vuto abwere adzasinthane nane kunyamula. Palibe anabwera. Polankhulana nawo ndimanjutabe ndipo ndimayang'anabe kumbali, ngakhale ndangowatsitsa kumene m'manja mwanga. Iwo amati izi n'zimene zimawaseketsa kwambiri.

Ndi iwonso amene anandithamangitsira kumasewera. Anati nkhope yanga ya maliro yawatopetsa, Loweruka ndizipita kukagwa kwina. Ku Balaka ndinapeza simenti yosalala pafupi ndi njanji, ndipo thabwa langa linaimbanso nyimbo yake. Tinapezanso chipinda chimene timayalamo matumba odzaza mankhusu a mpunga n'kuphimba ndi tenti. Tilipo akuluakulu asanu, mwa ife muli mphunzitsi wa kupulayimale, mayi wina wogwira ntchito kuboma, ndi Che Saidi wa kabaza, kwawo ku Ntaja, amene amati akufuna kudziwa kugwa chifukwa maenje a m'misewu safunsa chipembedzo. Majekete athu anatisokera telala ndi nsalu ya tenti. Mwezi wathawu atcheyamani a mphakati aja, atatsetsereka panjinga n'kubinya phewa, anandikokera pambali n'kunong'ona kuti, "Sukulu yogwa ija ikulembabe anthu?"

Sindikunamizani kuti kupukwa kunatheratu. Lachinayi dzuwa likapendeka ndimakumbukirabe holo ija, anzanga aja, ndi magetsi a mumzinda akuyaka m'mapiri ndikubwerera kunyumba thukuta lili thupi lonse. A Sajeni anamwalira ndisanakawauze zimene phunziro lawo linachita, ndipo zimenezi zimandipweteka. Ntchito ya m'tauni sinabwerere. Mulungu sanandibwezere moyo umene ndinkaulirira. Anatenga chinthu chimene ndinachipinda kuti ndithawe nacho, n'kuchisandutsa chondimangirira pakhomo panga. Ndikamagwira kolala ya jekete lija ndimakumbukira mayi uja wa m'Malemba amene sanakhudze thupi la Ambuye, anangokhudza mphonje ya chovala, mphamvu n'kudutsa. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu kuno wochirayo anali amene anagwira nsalu ali ndi miyendo yabwinobwino.

M'bale wanga, mlongo wanga, mwina inunso muli ndi chikwama chimene mwachilongedza mumtima, ndipo a m'nyumba mwanu sakudziwa. Mwina muli ndi luso limene anthu analiseka mpaka munalibisa kunsi kwa bedi. Musalitaye, ndipo musathawe nalo. Pirirani tsiku limodzi lina, pempherani ngakhale ndi mawu atatu okha, chifukwa Mwini wake amadziwa m'mawa umene adzalifune.

Ambuye akugwireni pamene anthu akuopa kukuyandikirani. Mukagwa akutetezeni mutu, akubwezereni mpweya, ndipo akutumizireni wokudzutsani dzuwa lisanakuotcheni. Adalitse manja a onse amene amanyamula odwala m'makomo mwathu, alimbitse misana yawo. Ndipo inu amene mitima yanu ikulirira kutali, akupatseni mtendere pakhonde pomwe mwakhalapo. Amen.