Mazira Awiri Osanjikiza ndi Limodzi Pambali

Olemekezeka eni nyumba ino, olemekezeka a wapampando wa amalonda a mumsewu uno, aphunzitsi amene munaphunzitsa mdzukulu wanga kompyuta, atelala a khomo linalo amene mwatibwereka mipando, mayi a kunyumba kwanga amene mwakhala kutsogoloku kudikira kuti ndilakwitse, amayi ndi abambo nonse, landirani moni wanga.

Ine ndine agogo ake a mwini shopu yosindikiza mapepalayi, ndipo zaka zanga ndi 76. Kusukulu sindinapondeko. Tsono mdzukulu wanga atati, “Agogo, mlendo wolemekezeka ndinu,” ndinamufunsa kuti, “Kodi ophunzira atha?” Iye anati, “Alipo, koma pepala salidziwa.” Sekani, komatu sananame. Mapepala ndawanyamula zaka makumi atatu, ndili mesenjala wa mu ofesi.

Nditangotha miyezi iwiri pantchito, abwana anandituma kukagula mapepala a makina a fotokope. M’sitolomo munali mitundumitundu, ndipo ine, poti zolemba sindiziwerenga, ndinasankha phukusi lokongola, la chithunzi cha mbalame. Mapepala ake anali opyapyala ngati khoko la anyezi. Makina ankameza atatuatatu, kuwatafuna, n’kuima. Limene lapulumuka, inki inkaonekera kuseri. Tinkasindikiza malipoti a msonkhano wa 2 koloko. Abwana sanakalipe ayi. Anangoti, “Nthawi ikakwana malipoti asanatuluke, usiye makiyi ndi njinga pakhomo.”

Pakona mu ofesimo pankakhala mtsikana wotaipa makalata, wosaseka ndi munthu. Anandiitana. “Achimwene, bweretsani dzanja.” Anatenga bolopeni n’kujambula pachikhatho panga. “Awa ndi mazira awiri osanjikiza, ili ndi limodzi pambali. Imeneyi ndi 80, kukhuthala kwa pepala kumene makinawa amafuna. Kapezeni phukusi la chizindikiro chimenechi. Mbalameyo isiyeni iuluke.”

Ndinapalasa njinga ndi dzanja limodzi, linalo lili m’mwamba kuti thukuta lisafufute mazira anga. Anthu m’njira ankandibwezera moni. M’sitolo muja ndinayerekeza chikhatho ndi phukusi lililonse mpaka zinafanana. Nditabwerera, mtsikana uja anapinda mapepalawo pang’ono, n’kuwapukusa m’mbali ndi chala kuti asamatane, ndipo makina anawalandira limodzilimodzi. Malipoti anatuluka alendo akukhala kumene pamipando. Makiyi anagona m’thumba mwanga.

Mlungu wotsatira ndinapitanso pakona paja. “Achemwali, mazira aja afufutika.” Iwo anati, “Mwasamba dala inu.” Koma anajambulanso. Ndinasamba dala chaka chathunthu. Ndi amenewo akubisa nkhope ndi mpango kutsogoloku.

Tsono iwe mdzukulu wanga, tchera khutu. Pano padzabwera mnyamata ndi kalata yofunsira ntchito, padzabwera mayi ndi satifiketi ya mwana wake. Iwo sadzakufunsa za pepala, adzangokukhulupirira. Usatengeke ndi chikuto. Yang’ana mazira, kenako uimike pepalalo pawindo: ukaona zala zako bwinobwino kuseri, libweze. Mapaketi a mapepala usawaike pasimenti, amamwa chinyezi n’kupindika. Ndipo amene adzabwere osadziwa kuwerenga, usamuseke, umuthandize. Sudziwa chimene chingatulukemo.

Paketi ili pathebuloyi ndagula ndine, ndasankha ndekha, popanda wondijambula padzanja. Pepala loyamba kutuluka m’makina akowa likhale kalata yanga. Undilembere mmene tsiku loyamba layendera. Koma usatume munthu. Maso a agogo ako aakazi, amene andiwerengera makalata zaka zonsezi, tsopano atopa, ndiye ubwere nayo wekha, udzatiwerengere tonse awiri.

Ndi mawu amenewa, olemekezeka nonse, ine amene ndinatsala pang’ono kusiya makiyi pakhomo, lero ndikupereka makiyi. Shopu ino yatsegulidwa.

Zikomo kwambiri.