Lole Inkadwala Ndikakhala Ndekha

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni nonse amene mukuwerenga. Dzina langa ndine Lazalo, kwathu ndi ku Mitundu, koma ndimakhala ku Chinsapo ndi mkazi wanga ndi ana atatu. Ndikufuna ndikuuzeni za nyengo imene ndinatsala pang'ono kutaya ntchito ndi mbiri yomwe, chifukwa cha injini imene inkavuta ndikakhala ndekha, n'kukhala bwinobwino pamaso pa anthu.

Ndimayendetsa lole yaing'ono yoyendera petulo ya Mayi Mhango, amene amagwira ntchito ku Capital Hill ndipo amakhala ku Area 12. Loleyo imagona kwawo. Ine ndimalawirira kukaitenga, n'kutsikira ku Old Town kukanyamula simenti, malata kapena matabwa a makasitomala awo.

Vuto linayamba m'chilimwe. Ndikangotuluka pageti, injini inkayamba kudukiza ngati munthu wotsamwa, lole yonse n'kumanjenjemera, pachitunda mphamvu n'kutheratu. Koma sizinali za tsiku lililonse. Lero ichite, mawa iyende bwino, mkuja iyambirenso. Chopweteka kwambiri chinali chakuti pofika kugalaja ku Old Town inkakhala itasiya. Makaniko ankaimvetsera, kuiponda moto, kenaka n'kundiyang'ana ngati ndabwera kudzamuseweretsa. Anasintha mapulagi. Ulendo wina anasintha sefa ya mafuta. Matenda osatha.

Mayi Mhango si munthu waukali, koma mafunso awo anayamba kusintha. Tsiku lina anandifunsa kuti, "A Lazalo, kodi petulo mukuthira kuti masiku ano? Si wa m'zigubu ameneyu?" Ndinakana, koma ndinaona kuti mawu anga sanawafike pamtima. Amuna awo anaiyesa loleyo Loweruka masana, ndipo inayenda ngati yatsopano. Kuyambira pamenepo, m'nyumba monse munadzaza maganizo akuti ndimagwirizana ndi makaniko, kapena m'mawa ndimayamba ndakagwira maganyu anga n'kumanamizira injini. Kasitomala wina wa ku Area 10 anatisiya chifukwa simenti inafika amisiri ake atakhala pansi theka la tsiku.

Inenso mtima wanga unadzaza zokayika. Pakhomopo panali a Gondwe, achimwene awo a Mayi Mhango, amene anabwera kuchokera ku Rumphi atapuma pantchito yaudalaivala. Anali munthu wosayankhulayankhula. M'mawa uliwonse ankaima pakhonde manja kumbuyo, kundiyang'anitsitsa mpaka nditatuluka. Nthawi zina ndinkawamva akuyankhula Chitumbuka ndi mlongo wawo, ndipo dzina langa linkamveka pakati pa mawuwo. Ndinati basi, munthuyu akufuna makiyi. Ndinamanga kaulusi pachitsekerero cha thanki kuti ndione ngati wina amatsegula ine kulibe, koma ndinkakapeza kali chimodzimodzi. Ndinafufuza kuseri kwa mipando ndi pansi pa kapeti, kufuna kachithumwa kapena kamtsitsi, osapeza kanthu. Tiyi amene wantchito ankandipatsa ndinasiya kumwa. Ngakhale moni wa mlonda ndinayamba kuuyesa msampha.

Mnzanga wina wapasiteji ya malole anandiuza kuti amadziwa sing'anga ku Mchesi woti akandionere. Sindibisa, ndinalingalira. Koma mkazi wanga anakana kwamtuwagalu, nati, "Bambo a Chisomo, amene anakupatsani chiwongolerocho sanagone ayi. Tiyeni timuuze Iyeyo." Tinagwada. Ine sindinapemphe n'komwe kuti lole ichire. Ndinangoti, Ambuye, ichite zomwe imachitazo pali mboni.

Sabata imeneyo Mayi Mhango anandiuza kuti pofika Lachisanu madzulo ndisiye makiyi, ndikapume kaye kunyumba kufikira atadziwa choona. Aliyense amene anagwirapo ntchito ya munthu amadziwa tanthauzo la kupuma koteroko.

Lachisanu m'mawa ndinapeza wosamalira maluwa akumaliza kutsuka lole ndi payipi. Ndikuliza injini, a Gondwe anatsegula chitseko n'kukwera osapempha. "Lero tipitira limodzi," anatero. Mumtima ndinati abwera kudzaphunzira njira za makasitomala. Tinatuluka pageti, ndipo tisanafike pamsewu waukulu injini inayamba kudukiza, lole n'kumagwedezeka. Ndinawayang'ana kuti ndione ngati akondwa, koma iwo anali atapendeketsa mutu, akumvetsera.

Anandiuza kuti ndiime pambali koma ndisazimitse. Injini ya lole imeneyi ili pansi pa mpando, choncho tinatsika n'kutukula mpandowo. Munkamveka kaphokoso kakang'ono kothetheka. A Gondwe anavula jekete, natchinga kuwala kwa dzuwa, n'kundikodola kuti ndisuzumire. Ndinaona ndi maso anga kamoto kabuluu kakudumpha kuchoka pa waya wina wa mapulagi kupita pachitsulo cha injini. Mawayawo anali onyowa. Tinadikira mpaka kutentha kwa injini kutawaumitsa, ndipo kudukiza kunatha kokha. Kenaka anatenga botolo langa la madzi akumwa n'kuwaza pang'ono pa waya uja, injini n'kuyambiranso nthawi yomweyo.

Titazimitsa, anandionetsa mng'alu wopyapyala ngati tsitsi pa labala wokuta wayayo. Madzi a payipi ankalowera kumatayala a kutsogolo n'kunyowetsa mawaya, moto wopita ku pulagi n'kumathawira panjira. Wamaluwa uja ankatsuka lole pa masiku okhawo amene madzi akutuluka mwamphamvu pampopi, n'chifukwa chake vutolo linalibe tsiku lake. Pofika ku Old Town zonse zinkakhala zitauma.

"Ndakhala ndikuona kuti imatuluka ikutsokomola tsiku limene yasambitsidwa," anatero a Gondwe. "Ndinkamuuza mlongo wanga uja kuti asafulumire kukuchotsani, koma ndinkafuna ndione kaye ndi maso."

Abale anga, apa m'pamene ndinazindikira choona. Pamene ndinkamva dzina langa m'Chitumbuka chija, munthuyu ankandichonderera kwa mlongo wake.

Tinapita limodzi kugalaja, makaniko n'kusintha mawaya onse a mapulagi. M'mawa mwake tinaitsuka dala ndi payipi yomweyo Mayi Mhango akuona, ndipo inalira bwino osadukiza ngakhale kamodzi. Mayiwo anandipepesa pamaso pa amuna awo ndi antchito onse, chinthu chimene mabwana ambiri sachita. Mpaka lero ndikuyendetsa lole yomweyo, ndipo ana anga sanasiye sukulu.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero losalongosoka la munthu wotopa. Ndikuthokozanso mkazi wanga, amene anandigwira mkono ndili pafupi kulowera kolakwika. Inu amene lero mukuganiziridwa chinthu chimene simunachite, ndipo mulibe umboni woti mudziyeretse nawo, musataye mtima ndipo musathamangire kuloza chala. Limbikirani kupemphera. Mulungu ali ndi anthu ake amene amakuyankhulirani m'zipinda zimene inu simuloledwa kulowamo. Ulemerero ukhale kwa Iye. Ameni.