Magazi a Ng'ombe ya Alamu

Pa mzere wa ku ofesi ya dokotala wa ziweto, mayi wina atakhwapatira nkhuku yodwala anatopa ndi kuusa moyo kwa bambo wa kumbuyo kwake, mpaka anacheuka.

"Kwagwanji, bambo?"

"Nkhunzi yanga, mayi. Ndinkaibaya mankhwala oletsedwa aja, onenepetsa msanga. Tsiku la msika litayandikira ndinasiya, kuti asuluke m'thupi."

"Ndiye vuto n'chiyani?"

"Akuti masiku ano sasaka mankhwalawo ayi, amayeza za DNA. Mankhwala angathe, koma thupi limatsala likuulula lokha."

"Ng'ombe kuneneza mbuyake!"

"Ndiye dokotala atatenga magazi a ng'ombe za m'mudzi mwathu n'kupita kukasamba m'manja, ine ndinasinthanitsa kabotolo ka nkhunzi yanga ndi ka ng'ombe ya alamu anga."

"Koma inu! Zinatheka?"

"Zotsatira zatuluka. Akuti nkhunzi yanga ndi yaikazi."

Mayi uja anaseka mpaka nkhuku inatsala pang'ono kupulumuka.

"Musaseke, mayi, andiitana kuti ndidzafotokoze. Mwina andiletsa kugulitsa."

"Komabe za mankhwalazo sanazipeze?"

"Azipeza! Alamu aja, mkulu wa mpingo wathunthu, nawonso amabaya. Anthu chinyengo, mayi! Ukhulupirire ndani masiku ano?"