Fomu ya Zala za Che Swalehe

Lamba wa chigayo cha mpunga ku Likangala atadya zala zitatu za Che Swalehe, a ku ofesi ya boma anawapatsa fomu nkuwauza kuti chipepeso chidzawerengedwa potengera malipiro omwe ankalandira pamwezi. Tsoka ilo, lovulala linali dzanja lamanja, ndiye cholembera chinagwa m'manja mwa mkazi wawo, Abiti Ismail, amene kwa zaka zisanu ndi chimodzi ankauzidwa kuti kuchigayo amalipira fote sauzande, pomwe njondayi inkapinda nainte.

"Apa akufunsa malipiro apamwezi," anatero mayiwo ali pakhonde, fomu pabondo. "Fote sauzande. Folo, ziro..."

"Taimani! Lembani nainte."

"Nainte ya ndani?"

"Yanga, mayi a Falida. Ingolembani."

"Iii, bambo a Falida! Mwasala Ramadani yonse kuti mudzanamize boma? Pansipa alemba kuti wonama amangidwa."

Che Swalehe anaona kuti zavuta. Akanena zoona, nyumba iyaka. Akakhala chete, chipepeso chiduka pakati. Munthu wamkulu ndevu pepeya, thukuta kamukamu ngati wapalasa bwato kuchokera ku chilumba cha Chisi.

"Si bodza ayi," anatero. "Akalaliki a ku ofesi anati malipiro akachepa, chipepeso chichepanso. Mukufuna zala zanga zipite pa mtengo wa matemba?"

"Zinkagwira ntchito ya fote, zilipiridwe za fote."

"Zinthu zakwera, mayi!"

"Zala nazonso zakwera?"

"Aaa, inu! Bwana Gerishomo, eni chigayo, akasayinira nainte yomweyo. M'buku mwawo ndi momwe zilili."

Mayiwo anaika fomu pansi pang'onopang'ono.

"M'buku muli nainte?"

"Eya."

"Inu nkumakupatsani fote?"

"Ndiye kuti... eee..."

"Mbava!" Anadzambatuka nkumanga chitenje m'chiuno. "Fifite sauzande mwezi ndi mwezi! Falida anasiyira Fomu 3 kusowa fizi, ine kupsa ndi dzuwa kuyanika matemba pa Kachulu pano, kumeneko munthu akunona ndi thukuta la mwamuna wanga? Ndikupita kuchigayo pompano!"

"Khalani pansi, anthu akutiona."

"Ationetu! Ndikamulalatira mpunga wonse umve, ndikachoka apo kupolisi."

"Kupolisi kukatani?"

"Nanga wakuba amapita kuchipatala?"

"Bwana ndi munthu wabwino, mayi a Falida."

"Taonani chifundo chake! Anakudyerani ndalama, chigayo chake chakudyerani zala, mukuyembekeza adye chiyaninso? Patapata wanga ali kuti?"

Apa mpamene ukadaulo wonse wa Che Swalehe unathera. Munthu woti pa masewera a bawo sagonja, anagwira chitenje cha mkazi wake ndi zala ziwiri zotsalazo, maso ali pansi.

"Bwana sanabe."

"Mwati?"

"Ndati sanabe. Nainte ndinkalandira ine."

"Fifite inkagwera m'nyanja?"

"Katiyi apa, katchipisi apo... Kwinako kubetcha mpira pafoni. Matimu ake ndi omwe ankandigwiritsa fuwa lamoto."

"Ooo. Ndiye fizi ya Falida inapita kukamenya mpira ku Ulaya."

Manyazi anawagwira Che Swalehe, ndipo anayenera kuwagwira. Anadikira kulira, anadikira mbale kuuluka, koma ayi ndithu. Mayiwo anangomasula chitenje chija, nkukhala pansi, nkuwapatsira fomu.

"Dindani chala apa. Chachikulucho chilipo."

Bambowo anasuzumira. Pamalo a malipiro panali nainte sauzande, yolembedwa bwinobwino, inki youma kalekale.

"Ha! Mwalemba nthawi yanji?"

"Dzulo. Ine ndi akazi a bwana Gerishomo timatunga pa mjigo umodzi chaka chachitatu chino."

"Ndiye zonsezi za patapata, za polisi..."

"Ndimafuna ndimve ndi pakamwa panu."

Che Swalehe anatsitsa maso mpaka pamzere womaliza, pomwe amafunsa foni yolandirira ndalama.

"Nambala iyi si yanga!"

"Ndi yanga. Yanuyo imadziwa njira ya ku Ulaya. Falida akubwerera kusukulu."

"Nanga ine mwini zala ndidya chiyani?"

"Musade nkhawa, bambo, masamu ake atiphunzitsa akalaliki," anatero Abiti Ismail akupinda fomu. "Boma likulipirani potengera zomwe munkalandira. Ine ndizikugawirani potengera zomwe munkabweretsa."