Siketi ya Esinati

Zaka zimenezo, ufa tikuugulabe poima pamzere ndipo mafulati a Kabwata akadali ndi penti yake, ine ndinali kale pamsika pompano ndi makina anga opalasa ndi mwendo, ndipo mayunifomu a ana ambiri a kuno ankatuluka m'manja mwangamu. Poti malaiti apita ndipo makina anu amakonowa angoti zii, ikani mafoniwo pansi mumve. Iwe Mwansa, chotsa singano pakamwa, tsiku lina udzameza. Inu atatu munabwera kudzaphunzira kusoka, koma lero ndikuuzani chimene tepi yoyezera inandiphunzitsa ine.

Kale sitinkasoka zothina ngati zanuzi, zoti munthu akayetsemula zipi n'kuthawa. Siketi ya sukulu tinkasiya nsalu yambiri m'kati mwa msoko, kuti mwana akamakula uzingomasula pang'onopang'ono, ndipo siketi imodzi inkatha zaka zitatu. Choncho chiuno cha mtsikana aliyense wa kuno ndinkachidziwa pamtima, ndipo wina akabwera pakati pa chaka kuti ndimukuzire, ine ndinkadziwa nkhani yake amake asanaidziwe. Ndinkanyada nazo, ndisaname. Ndinkati tepi yanga sinama.

Mwana wanga woyamba anali Esinati. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu, wamtali ngati atate ake, wokonda masamu, ndipo ankati adzagwira ntchito m'banki kuti ine ndisiye kupalasa makina. Tsiku lina Loweruka m'mawa ndinapeza siketi yake yapindidwa pamakina panga kunyumba. Sananene kanthu, inenso sindinafunse. Ndinaiyeza, ndinamasula inchi imodzi, ndinasita, n'kukaiika pabedi pake. Mumtima ndinati mwana akukula. Patapita milungu isanu siketi ija inabweranso pamakina, ndipo apo ndinadziwa, chifukwa nsima ya ku Lusaka sinenepetsa munthu kutsogolo kokha.

Mukuti bwanji osamufunsa? Mwafunsa bwino, Tiyanjane, koma mverani mmene tinaleredwera. Kwathu ku Katete mayi sankakamba za mimba ndi mwana wobereka yekha. Zinali zolaula, zochititsa manyazi onse awiri. Imeneyo inali ntchito ya atate aakazi, mlongo wa bambo, ndipo ndi iwo ankakhazika mtsikana pansi, kumufunsa mwini mimba, kenako n'kukauza bambo mwaulemu. Kumudzi zinkatheka, poti atate aakazi ankakhala kuseri kwa nkhokwe. Koma ife mwambowo tinaunyamula wonse kubwera nawo m'tauni, n'kusiya kumudzi anthu ogwira ntchito yake. Mlamu wanga anali ku Katete, ulendo wa tsiku lonse pa basi, ndipo foni kunalibe. Ndiye ndinalemba kalata, mawu ake ozungulira, kuti mlamu bwerani, mwana wanu akufuna malangizo. Ndinaiponya ku positi n'kuyamba kudikira.

Panalinso china, ndisabise. Masiku amenewo mtsikana akangodziwika kuti ali ndi pakati, sukulu inkathera pomwepo, dzina ankalifafaniza ndipo kubwerera kunalibe. Esinati anali ndi mayeso kumapeto kwa chaka. Inenso ndinali mayi wa bulauzi yoyera kutchalitchi, wokhala kutsogolo, wolangiza ana a ena. Atate ake ankachoka mbandakucha kupita kumafakitale, kubwera atatopa, osaona kanthu. Ndiye ndinadziuza kuti ndikuteteza sukulu ya mwana, koma zoona zake ndinkatetezanso nkhope yanga.

Kachiwiri ndinamasula inchi ina. Kachitatu nsalu ya m'kati inatha, ndipo ndinaikamo kachigamba m'mbali, kosokedwa bwino moti ngakhale aphunzitsi sakanakaona. Inali nthawi yozizira, juzi inkabisa zotsala. Taganizani, ana inu, miyezi inayi mayi ndi mwana akudya mbale imodzi, akukambirana kudzera m'siketi basi.

Pafupi ndi ine pamsika panali Abiti Saidi, mayi wachisilamu amene makolo ake anachokera ku Malawi, wogulitsa zitumbuwa, ndipo panthawiyo anali ndi khanda kumbuyo. Tsiku lina Esinati atadutsa, anandikodola.

"Amake Esinati, miyendo ya mwana uja mwaiona? Yatupa ngati mikate. Nkhopenso yatupa. Pitani naye kukiliniki."

Ine mkamwa mwanga mumamudziwa. Ndinati, "Ndi nsapato zothina zija. Inu samalani mafuta anuwo angapserere."

Anangoti, "Chabwino, mwana ngwanu," n'kubwerera pambaula yake. Mawu amenewo mpaka lero amandiwawa, chifukwa munthu anandipatsa nzeru yaulere ine n'kumubwezera chipongwe.

Linali Lachitatu masana pamene Esinati anabwera kuno sukulu isanaweruke. Anati, "Amama, mutu ukung'amba, ndipo m'maso ndikuona tinthu tong'anima." Ndinamupatsa mapiritsi a mutu, ndinamuyalira zidutswa za nsalu pansi pa tebulo kuti agone, ine n'kupitiriza kusoka diresi la munthu. Posakhalitsa ndinamva tebulo likugwedezeka. Kuyang'ana pansi, mwana akuphupha, maso atatembenuka, thovu kukamwa. Mayo ine! Anthu anadzaza, wina akuti ndi khunyu musamugwire, wina akuti zam'tauni izi wina wamulodza. Abiti Saidi anathamangira kumsewu n'kuimitsa galimoto ya munthu wosamudziwa, ndipo tinapita kuchipatala chachikulu.

Kumeneko manesi sanavutike ndi zipi. Anatenga sizasi n'kudula siketi ija kuyambira m'munsi mpaka m'chiuno, kudutsa pachigamba changa chokongola chija, ndipo m'kati anapeza chitenje atachikulunga pamimba kawiri, chomangidwa zolimba moti chinasiya mizere pakhungu. Chimenecho ine sindinkachidziwa. Sista wamkulu anatembenukira kwa ine.

"Ba mayo, khadi la sikelo lili kuti?"

Ndinati, "Alibe."

"Miyezi seveni, alibe? Imwe simunaone?"

Ndikanati chiyani, ine mwini tepi yosanama? Anandifotokozera kuti magazi anali atathamanga kwambiri, bipi imene mumaimva ija, ndipo kuti imakonda kugwira atsikana aang'ono pamimba yoyamba, thupi lisanakhwime. Anati kutupa kuja, mutu uja ndi zong'anima zija zinali zizindikiro, ndipo akanabwera kusikelo akanamuyeza pamkono n'kuiona msanga. Pamkono chabe, ana inu, kanthu kosatenga nthawi yoposa kusoka batani.

Anamuchita opaleshoni n'kutulutsa kamwana kakakazi, kochepa ngati botolo. Esinati sanadzukenso. Anagona masiku awiri, tsiku lachitatu anatisiya, ndipo ine ndi iye tinali tisanatchulepo liwu loti mimba ngakhale kamodzi.

Mlamu wanga anafika tsiku loika maliro, atanyamula thumba la mtedza, kalata yanga ili m'chikwama. Analira kuti, "Mlamu, ndimati ndithe kukolola kaye, kalatayo sinanene kuti n'zachangu." Sindinawakwiyire, poti kalatayo ndinalemba ndine. Paja amati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo zengerezuyo tinali tonse awiri.

Khanda lija linatuluka m'chipatala patapita milungu, ndipo amene analiyamwitsa ndi Abiti Saidi yemwe ndinamunyoza uja, bere lina mwana wake, bere lina mdzukulu wanga. Sanandikumbutse mawu anga ngakhale tsiku limodzi. Ankangoti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwanayo mumamudziwa, ndi Masiye, uja ndimakutumani kwa iye ku Kamwala kukatenga nsalu ndi ulusi. Msinkhu wake ndi wa amake.

Lero zinthu zinasintha, ndipo sindine wa nkhalamba zija zimati zonse zakale zinali zabwino. Lero mtsikana akachira amabwerera kusukulu, ndawaona ndi maso anga ku Chilenje ndi ku Chelstone, yunifomu pathupi mwana ali kwa agogo ake. Kukiliniki kuli manesi oona za achinyamata, ndipo foni ili m'manja, ungathe kuitana atate aakazi ali ku Katete n'kukuyankha nthawi yomweyo. Koma manyazi aja sanasamuke. Atsikana akumangabe mimba, kale ndi chitenje, lero ndi malamba a lasitiki ogula pasalaula, pogulitsa zovala zakale paja, ndipo amayi akuyang'anabe kumbali, kaya ndi a ku Kabwata kaya ndi a m'mipanda yaitali ya ku Kabulonga. Sindikuti kutenga mimba uli mwana n'kwabwino, ayi, n'koopsa ndipo ndikanakonda mutadikira. Koma ikabwera yabwera, ndipo imene imapha msanga ndi yobisa.

Chichokereni nthawi imeneyo, mtsikana akabwera kuti ndimukuzire siketi, ndimamuyang'ana kumapazi kaye, kenako ndimamufunsa mosazungulira. Ena amandinena kuti gogo wa pamsika uja ndi wamwano. Anene, makutu anga anazolowera.

Tsono mverani. Mwezi watha ndinakuyezani nonse atatu pokusokerani maepuloni, ndipo mmodzi wa inu dzulo anasuntha batani la epuloni yake akuganiza kuti ndikuwodzera. Sinditchula dzina, ndipo enanu musayang'anane. Sindikuthamangitsa, makina ako adzakudikira, ndipo ngati ukuopa amako, ndikawauza ndine, poti utate waukazi ndinauphunzira mochedwa koma ndinauphunzira. Mawa seveni koloko ndidzakhala pageti la kiliniki ndi ambulera wanga wakuda uja. Ndidzadikira mpaka ubwere, mwanawe. Siketi ndidzakukuzira tikabwerako, khadi lili m'manja.