Chuku cha Azakhali Nthanda

Lachiwiri m'mawa mumzinda wa Hull, kutsidya kwa nyanja, Sosten anapeza azakhali ake, Mayi Nthanda, atakwera pampando, akukwecha chuku chakuda pakhoma uku akutsokomola. Woyendera nyumba za lendi wochokera ku boma amabwera teni koloko, ulendo wachitatu komanso womaliza, ndipo Sosten, amene digiri yake yonse inali ya nyumba zimene boma la Australia limakonzera Aaborijini, anangogwira kumutu.

"Azakhali, tsikani! Mukufufuta umboni!"

"Ndikufufuta manyazi. Tandipatsira bulichiyo."

"Munthuyo akubwera kudzaona chukucho. Akachiona, alamula landilodi kuti akonze khoma."

"Eya, kenako akauze Hull yense kuti mayi wa Mvano amagona ndi chuku."

"Sangauze Hull yense. Lipoti limapita kwa anthu awiri okha."

"Nanga miseche imayamba ndi anthu angati?"

Sosten anaganiza kaye. "Awiri."

"Basitu!" Anaviika bulashi m'ndowa. "Kwathu ku Ntcheu, mlangizi wa zaumoyo akamabwera tinkazira m'nyumba, kusesa bwalo, kumanga thandala latsopano. Zaka zitatu zotsatizana khomo lathu linali nambala wani."

"Uyu si mlangizi, azakhali. Kuno nambala wani ndi nyumba yoipitsitsa."

"Ha! Dziko lotukuka."

"Inde, lili m'gulu la mayiko otukuka," anavomera Sosten, nkhope ili gwa. "Ulendo woyamba munatani?"

"Ndinapenta."

"Wachiwiri?"

"Ndinapachika makatani ndi kalendala ya mpingo. Bamboyo anayamikira, tiyi anamwa makapu awiri."

"Ndipo analemba kuti nyumba ilibe vuto. Zikateronso lero, fayilo itsekedwa. Mwajomba mashifiti angati ndi mphumuyi?"

Mayi Nthanda anakwecha mwamphamvu. "Asanu."

"Kuntchito kwanu kosamalira okalamba kuja akatopa nanu, viza yanu aigwirizira ndani?"

"Iwe ndiwe dokotala tsopano?"

"Ayi, ndinaphunzira za nyumba. M'malipoti amene ndinawerenga a ku Australia, oyendera nyumba za Aaborijini amalowa chipinda ndi chipinda, kutsegula mpope uliwonse, kulemba chilichonse chakufa. Chobisika sichikonzedwa."

"Aaborijiniwo ndiye ndani?"

"Eni dziko. Analipo azungu asanafike."

"Ndiye anawakonzera zonse?"

"Ayi. Ambiri akudikirabe."

"Ohoo! Eni dziko akudikirabe mpope, ine wa viza ndiye andikonzera khoma mawa lomweli. Dikira ndikavale chitenje chatsopano."

"Chitenje sichili pa fomu."

"Mayo ine!" Anaomba m'manja, madzi a bulichi n'kuwazikira pamalaya a Sosten. "Ndiye ukufuna ndichithirire chukuchi kuti chikule bwino? Ndichipatse dzina? Ndikachibatize?"

"Kuthirira ayi, kumeneko n'kunama. Dzina chili nalo kale, lachilatini."

"Mwana wa mchimwene wanga, sukulu inakudya mutu. N'chifukwa chake mtsikana wako uja chaka chatha osabwera naye kuno. Ukuopa kuti ndimuchenjeza."

"Ndibwera naye. Ndinamuuza kale kuti azakhali anga ndi munthu waukhondo kuposa aliyense mu Hull."

"Pamenepo ndiye sunaname."

Anafuna kuseka, koma chifuwa chinawagwira. Anatsokomola mpaka kugwira khoma lomwelo, misozi ili mbwembwembwe, mpweya ukulira m'khosi. Sosten anawatsitsa pampando n'kuwapatsa kabotolo kawo kopopera m'kamwa. Anachita mantha mnyamatayo, ndipo ngakhale mayiwo sakanavomera pamaso pa munthu, nawonso mantha anawagwira.

"Chabwino," anatero mpweya utabwerera. "Kankha wadirobuyo."

"Ipite kuti?"

"Ku Australia! Tangokankha, iwe!"

Sosten anakankha. Kuseri kwake khoma linali bii kuyambira pansi mpaka kudenga, lonyowa, pepala lakhoma likulendewera.

"Azakhali! Ichi chakhala pano nthawi yonseyi?"

"Ameneyo ndiye mwini nyumba. Ine ndimangogona nawo."

"Ndiye munachibisiranji?"

"Mlendo samuonetsa kuchipinda. Koma lero aone, alembe, ajambule. Akafuna atapeko china akaonetse abale ake." Anatulutsa kalata m'thumba la yunifomu. "Bambo wa tiyi uja akuti anapuma ntchito, akubwera wina. Tandiwerengera dzinalo, ndimulonjere bwino."

Sosten anawerenga. Anawerenganso. Anasuzumira pawindo, pomwe kagalimoto kofiira kanali kuima.

"Azakhali, bulichi ija ili kuti?"

"Wati chiyani?"

"Bulichi. Ndi bulashi. Mwina wadirobuyi tiibwezere kaye."

"Umboni uja?"

"Ndi Michelle."

"Michelle wake uti?"

"Mtsikana wanga uja. Woyendera nyumba watsopanoyo ndi iyeyo."

Mayi Nthanda anakhala pampando pang'onopang'ono. "Amene akudziwa kuti ndine waukhondo kuposa aliyense mu Hull?"

"Yemweyo. Ndi mlendo, azakhali! Mlendo sitimulandira chonchi. Kwathu ku Ntcheu..."

"Ku Ntcheu unachokako uli ndi zaka zinayi."

"Zisanu."

Pachitseko panamveka gogogo. Sosten analumphira bulashi, koma azakhali ake anamumenya padzanja n'kukaima kutsogolo kwa khomalo, manja atatambasula ngati nkhuku yoteteza anapiye.

"Ukangokhudza khomali ndikuthyola zala. Katsegule chitseko, ine ndimuonetse chuku changa, iwe undionetse mtengwa wanga. Chobisika sichikonzedwa."