Mitambo ya nyenyezi ndi diresi ya malemu

Pamzere wa m'sitolo yotsukira zithunzi, mkulu wina woyendera ndodo anasuzumira pafoni ya bambo wa maso atulo amene anali patsogolo pake.

"Moto umenewo mwaujambula kuti, achimwene?"

"Si moto, madala. Ndi mtambo wa mpweya kutali uko kumene kumabadwira nyenyezi. Kamera imandipatsa zithunzi zitatu zotuwa, mpweya uliwonse chake. Mitunduyi ndimapaka ndine."

"Ndiye ndi bodza basi."

"Maso akanatha kuuona, bwenzi pafupifupi wonse uli psuu. Ndikapatsa mpweya wina golide, wina buluu, m'pamene kumaoneka kusiyana kwake. Koma sabata yonse ndikungosinthasintha, palibe wondifika pamtima. Ndatopa nazo."

"Zanuzo n'zabwino, nyenyezi sizikwiya. Ine ndabwera ndi chithunzi cha malemu akazi anga, chimodzi chokhachi, chakuda ndi choyera. Ana akakamira kuti chipakidwe mitundu. Apakauntalawa akuti ndiwauze mtundu wa diresi, ine ndinaiwala."

"Auzeni kompyuta isankhe yokha."

"Kompyutayo ndi imene inawafunsira? Idzangowaveka za mkazi wa eni."

"Ndiye sankhani umene mungapirire kuuona pakhoma tsiku ndi tsiku. Inenso ndimathera pomwepo."

Mkuluyo anayang'ana chithunzi chake osaphethira mpaka mzere unasuntha.

"Ndinena wachikasu. Ankadana nawo koopsa mayi amene uja. Mwina abwera kutulo kudzandikalipira, ndiionenso diresi yeniyeniyo."